Sikani yaonetsa chotupa pa thumba la mazira, tigulitse mbuzi?

LACHIWIRI

Amake Mapasa, Kamuzu Road: Mwadzuka bwanji abale pagulu pano. Ndithandizeni maganizo, mutu wanga sukugwira. Mng'ono wanga wa zaka 26 wakhala akudandaula m'chinena chakumanzere kwa milungu iwiri. Dzulo tinapita naye kukajambulitsa sikani ndiye akuti pa thumba la mazira pali chotupa cha masentimita 4, chamadzi okhaokha. Amupatsa panado n'kumuuza kuti abwerenso pakatha miyezi iwiri kapena itatu. Basi? Munthu wamupeza ndi chotupa n'kumuuza kuti zipita kunyumba? Mwanayu sanagone, wachezera kulira kuti ndi khansa. Mayi athu kumudzi ayamba kale zonena kuti tigulitse mbuzi tithamangire naye ku Lilongwe. Amene mukudziwa tiuzeni zoona, tisanamizane.

NaPhiri wa ku Chipoka: Pepani mayi. Mulungu alipo.

Nachisale wa ku Dwangwa: Musadikire miyezi imeneyo. Ndikunena ndi misozi, musadikire. Ndifotokoza ndikaweruka.

Mzamba Wopuma, Nkhotakota: Mwana wanga, mbuzizo zisiyeni zidye msipu kaye. Ndifunse, anamuyeza mimba?

Amake Mapasa: Eya amayi, anamuyeza mkodzo, alibe.

Mzamba Wopuma: Chabwino, chifukwa mtsikana wa msinkhu umenewo akabwera ndi ululu wa mbali imodzi, choyamba kuthamangira ndi mimba yokhala m'chubu. Imeneyo ndiye ikaphulika imatenga munthu tsiku lomwelo. Poti palibe, khalani pansi ndikuuzeni. Mkazi aliyense amene akusamba, thumba lake la mazira limapanga kathumba kamadzi mwezi ndi mwezi. Dzira limakhwimira m'menemo, kenako kathumbako kamaphulika, dzira n'kutuluka. Mwezi wina kamakana kuphulika, kamangofufuma. Mwezi wina dzira latuluka bwinobwino koma khoko lotsalalo ladzaza madzi kapena timagazi. Ukajambula pa nthawi imeneyo makina amaonetsa chinthu chozungulira chakuda, ndipo ife mawu tili nawo amodzi okha: chotupa. Chithupsa ndi chotupa, khansa ndi chotupa, kathumba ka mwezi uno nakonso chotupa. Tonse pagulu pano atati atijambule lero, angapo mupezeka nacho musakudziwa n'komwe.

Amake Mapasa: Ndiye chimatha chokha?

Mzamba Wopuma: Chamadzi okhaokha, chosafika masentimita 5, mwa mayi amene akusamba, kawirikawiri chimaphwa chokha akasamba kawiri kapena katatu. N'chifukwa chake amuuza kuti abwerenso, sikuti amutaya. Kung'amba mimba ya mwana wa zaka 26 chifukwa cha timadzi totere n'kumulakwira. Opaleshoni imasiya minofu yomamatirana mkati, ina imadzasokoneza machubu iye akufuna mwana.

Adokotala a Kwathu: Moni nonse, ndinali ku thiyeta. Amayi Mzamba anena zonse, ine ndingoonjezera manambala poti ndi amene mukufuna. Pepala la sikanilo sindinalione, ndiye mawu omaliza ndi a amene anamugwira wodwalayo. Koma dziwani kuti ife tikamva za chotupa pa thumba la mazira, tisanafunse kukula kwake timafunsa zaka za mwiniwake. Bungwe la madokotala a amayi la ku Britain, lija la RCOG, limati mwa amayi amene sanasiye kusamba, chotupa chotere chimene chafika pomuvutitsa munthu chimakhala khansa pafupifupi kamodzi pa 1,000. Pofika zaka 50 zimakwera kufika 3 pa 1,000. Mayi akasiya kusamba nkhani imatembenuka, chifukwa thumba lija lapuma pa ntchito, silipanganso timatumba ta mwezi ndi mwezi. Chimene chamera pamenepo timachifunsa kuti wadzatani.

Aphunzitsi a Masamu, Khombedza: Adokotala mundikhululukire, manambala ndiye amandidyetsa. Ine ndinawerenga pa intaneti kuti ndi 13 pa 100 kwa amene akusamba, 45 pa 100 kwa amene anasiya. Inu mukuti 1 pa 1,000. Kutalikirana kwake ngati Salima ndi Karonga. Wonama ndani?

Adokotala a Kwathu: Palibe wonama aphunzitsi, mafunso ake ndi awiri. 13 ndi 45 mukunenayo anachokera mu kafukufuku wa mu 1989 ku America. Iwo anawerenga amayi amene anachitidwa kale opaleshoni, zotupa zawo n'kupezeka kuti ndi zomera zenizeni, osati timadzi ta mwezi. Taganizani chilimira chikamatuluka ku Senga Bay. Mukawerenga zonse za mu ukonde, usipa ndi utaka ndiye mbwee, kampango mmodzi kapena palibe. Koma mukaima pa tebulo pamene asodzi asankhira kale zikuluzikulu, mudzalumbira kuti nyanjayi yadzaza akampango. Mng'ono wa amake mapasa adakali mu ukonde wonse, sanafike pa tebulo losankhidwa.

Aphunzitsi a Masamu: Ahaa, ndiye vuto ndi nambala ya pansi. Ana a Fomu 2 ndimawakalipira pa zomwezi, lero ndagwa nazo ndekha kkkk

Adokotala a Kwathu: Koma onani chimene sichikusuntha. Muwerenge uku, muwerenge uku, wosiya kusamba ndiye ali pamwamba. Ku America theka la amayi opezeka ndi khansa ya thumba la mazira ali ndi zaka 63 kapena kuposa. Kuno ine ndimaionanso mwa a zaka za m'ma 40 ndi 50. Ya mtundu wofalawo mwa mwana wa zaka 26 ndi yosowa kwambiri.

Nachisale wa ku Dwangwa: Ndaweruka. Ndawerenga zonse, ndipo amake mapasa pepani ngati ndinakuopsezani m'mawa uja. Ndinangoona mawu akuti chotupa, mtima n'kuthawira kwa malemu mayi anga. Iwo anali ndi zaka 64. Sanamve ululu woti n'kugona nawo ayi. Chinayamba ndi chitenje. Chitenje chawo cha kumvano chimene ankamanga chikutsala, chinayamba kuperewera. Anthu a m'mudzi n'kumawaseka kuti agogo mwatenga pakati, iwonso n'kumaseka nawo. Kenako nsima. Mayi anga ankadya mitanda itatu ndi chambo cha ku Chia osaphethira, koma anafika poti akadya theka la mtanda akuti ndakhuta, n'kumageya. Usiku kutuluka panja kanayi, kasanu. Tinapita nawo ku kachipatala kena, anati ndi zilonda za m'mimba, n'kutipatsa magi, mapilitsi otafuna a m'mimba aja, ndi timakapusozi. Mwezi wina tinapita kwina, anati ndi kudzimbidwa. Miyezi 7 tikuzungulira ndi zilonda za m'mimba, palibe anawagoneka n'kuwagwira pamimba. Manja ndi nkhope zikuuma, mimba yokha ikukula. Tsiku limene anawajambula ine ndinaima kumbuyo kwa wojambulayo. Sindidziwa kuwerenga sikani, koma ndinaona nkhope yake. Anasiya kucheza, n'kupita kukaitana mnzake. Madzi anali m'mimba monse, zotupa mbali zonse ziwiri. Ku Kamuzu Central anawachita opaleshoni, analandira kemo, mankhwala a khansa aja, tsitsi lonse phuluphulu, anakhala nafe chaka ndi theka. Anakwanitsa kuona chinkhoswe cha mdzukulu wawo. Chimene chimandiwawa mpaka lero n'chakuti chaka chomwecho anali atayezetsa khomo la chiberekero, zija za viniga, n'kuuzidwa kuti ali bwino. Ndiye ife tonse timati khansa ndiye ayi, anayezetsa kale.

Amake Mapasa: Mayo ine. Pepani asisi.

NaPhiri wa ku Chipoka: Ndagwetsa misozi. Mzimu wawo uuse mumtendere.

Mzamba Wopuma: Pepa mwana wanga. Zimene wanenazi ndakumana nazo kambirimbiri. Abale, kuyezetsa kwa viniga n'kofunika zedi, dziko lathu lili m'gulu la maiko amene khansa ya khomo la chiberekero yachuluka koposa pa dziko lonse, ndipo n'chifukwa chake boma linayamba kubaya atsikana a zaka 9 katemera wa HPV, kachilombo koyambitsa khansayi, mu 2019. Koma viniga amaona pakhomo pokha. Thumba la mazira lili mkati, m'mbali mwa chiberekero, viniga safikako. Ndi nyumba imodzi koma zipinda zosiyana.

Adokotala a Kwathu: Pepani kwambiri mayi Nachisale. Nkhani yanu ndi ya amake mapasa ziikeni pamodzi, muona chimene chimandidandaulitsa pa ntchito yanga. Mtsikana amene mwayi woti ndi khansa ndi wochepetsetsa ndi amene banja lonse likumugulitsira mbuzi. Gogo amene ali pa msinkhu woopsa ndi amene akutafuna magi miyezi 7. Mayi wa zaka 50 kupita m'tsogolo akayamba kutupa mimba kosaphwa, kukhuta msanga, kupweteka m'chinena kapena kukodza pafupipafupi, ndipo zikubwera masiku ambiri pa mwezi, kuposa 12, ameneyo agwidwe pamimba ndi kujambulidwa. Mupemphe ndithu, mwaulemu koma osabwerera. Khansa imeneyi ikapezeka idakali pa thumba pokha, amayi pafupifupi 9 pa 10 amakhalabe moyo patatha zaka 5. Ikafalikira m'mimba monse amatsala pafupifupi 3 pa 10. Vuto n'lakuti ambiri, ngakhale ku maiko olemera, amapezeka itafalikira kale.

LACHITATU

NaPhiri wa ku Chipoka: Dzulo ndinachita manyazi koma lekani ndinene yanga, mwina wina athandizika. Ine anandichotsa chotupa ndili ndi zaka 31, chachikulu ngati papaya wamng'ono. Nditatsitsimuka adokotala anaonetsa amuna anga chithunzi pa foni. Abale, mkati munali tsitsi! Tsitsi lenileni lopotana, mafuta achikasu ngati majarini, ndi dzino limodzi. Bambo a kunyumba anatuluka thukuta, n'kuimbira amayi awo. Pofika madzulo mudzi wonse unali utadziwa kale kuti ndinadyetsedwa, ndipo wondidyetsa anali atapezeka kale, mkazi wa achimwene awo amene tinakanganapo za malire a dimba. Zaka ziwiri osalankhulana.

Aphunzitsi a Masamu: Dzino?? Ayi NaPhiri mukutinamiza

NaPhiri wa ku Chipoka: Ndikanama ndife. Chithunzi chilipo koma sindiika, ena mukudya.

Adokotala a Kwathu: Sakunama. Dzina lake ndi dermoid, ndipo mwa zotupa zimene timachotsa mwa atsikana ndi amayi achichepere ndi chimodzi mwa zofala kwambiri. Thumba la mazira lili ndi timbewu timene ntchito yake n'kupanga munthu wathunthu, khungu, tsitsi, mano, mafupa. Kambewu kamodzi kakasokonekera kamayamba kupanga zinthu zimenezi popanda dongosolo, popandanso mwamuna. Palibe anakudyetsani mayi, zinachokera m'thupi mwanu momwe. Si khansa. Zimene zimasanduka khansa ndi 1 kapena 2 pa 100, makamaka mwa achikulire. Koma dermoid siphwa yokha ngati timadzi tija, ndipo ikakula imalemera n'kupotokola thumba, n'chifukwa chake timaichotsa.

NaPhiri wa ku Chipoka: Patatha chaka ndinabereka mwana wamwamuna ndi thumba limodzi lotsalalo. Ndi mlamu wanga uja tinagwirizana pa maliro a apongozi, panopa timagulitsira limodzi usipa.

Mayi wa Zitsamba: Amayi musavutike ndi mipeni. Ndili ndi mankhwala achilengedwe osungunula zotupa zonse, ma fibroid a m'chiberekero, ma cyst amadzi aja, khansa, m'masiku 14 okha. Mboni zilipo zambiri. Ndipezeni ku inbox, timatumiza pa minibasi Salima, Nkhotakota mpaka Dwangwa.

Admin: Mayi, malonda a mankhwala pano ayi, lamulo mukulidziwa. Nambala yanu ndachotsa. Kachiwiri ndikutulutsani.

Mayi wa Zitsamba: Koma anthu akuchira, inu mukungodana ndi zakwathu

Mzamba Wopuma: Sitidana ndi zakwathu mayi, ine ndinakula ndi chidede ndi nimu. Koma tamverani mmene mboni zanuzo zimapangikira. Mtsikana ngati uyu wa amake mapasa agule botolo lanu lero, amwe, pakatha miyezi iwiri akajambulitse. Chotupa palibe. Adzaimba nthungululu kuti zitsamba zagwira, chonsecho chikanaphwa chokha ngakhale akanamwa thobwa. Ndiye gogo wa zaka 60 amve umboni umenewo, naye agule botolo. Ameneyo ndiye timadzamulandira atamunyamula pa machira.

Malume a ku Benga: Ndine bambo koma mundilole. Adokotala mwanena za akulu, nanga ana? Mdzukulu wanga wamkazi anatupa mimba ali ndi zaka 8, mwamsanga zedi, milungu itatu yokha siketi ya yunifolomu osalowa. Ife timati ndi kapamba wa malungo. Atajambula anati zotupa zili pa matumba a mazira. Mwana wosatha msinkhu, mazira ake ati? Anatitumiza ku Lilongwe, anati ndi Burkitt. Analandira mankhwala a m'diripi, mimba inaphwa ngati chibaluni. Panopa ali Fomu 1.

Adokotala a Kwathu: Malume mwafunsa bwino, ndipo tithokoze kuti munathamanga. Mwana wamkazi amabadwa ndi matumba a mazira, kungoti amakhala ali m'tulo mpaka atatha msinkhu. Ndiye mwana ali ngati gogo pa mfundo imodzi: thumba silili pa ntchito, chotupa sichiyembekezeka, makamaka cholimba. Zotupa zotere mwa ana n'zosowa, ndipo ngakhale zikapezeka zambiri si khansa, koma mwa zimene zimachotsedwa 1 kapena 2 pa 10 zimakhala khansa. Mitundu yake ndi ina, si ija ya agogo. Yambiri imachokera ku timbewu ta mazira tija, ndipo imamva mankhwala bwino kwambiri, nthawi zambiri timachotsa thumba limodzi mwana n'kudzabereka atakula. Burkitt ndi khansa ya ana yofala kuno kwathu. Dokotala wina dzina lake Denis Burkitt ndiye anailemba koyamba mu 1958 ali ku Uganda. Imakonda madera a malungo ambiri ngati kunyanja kuno, imatupitsa nsagwada kapena m'mimba, ndipo mwa atsikana imakonda kugwira matumba a mazira. Imakula mofulumira koopsa koma imasungunukanso mofulumira ndi kemo. Mwana akatupa mimba kapena tsaya m'milungu yochepa, osayamba mwatemera.

Mtsikana wa ku Lifuwu: Ine ndakhala ndikungowerenga mwakachetechete. Ndili ndi pathupi pa miyezi iwiri ndi theka, ku sikelo anandijambula akuti pali ka cyst kumanja. Sindinauze aliyense ngakhale abambo ake. Mwanayu akhala bwino?

Mzamba Wopuma: Mwana wanga usadzisungire zinthu wekha choncho. Nthawi zambiri kameneko ndi khoko lija dzira linatulukamo, ndipo pa miyezi yoyambayi ndi kamene kakutulutsa mphamvu yogwira mimbayo nsengwa isanakhwime. Kakugwira ntchito, si mdani. Pofika miyezi inayi tambiri timakhala titaphwa. Totsalato ndi timene amatiyang'anitsitsa, ndipo ngakhale mwa totsalato, tokhala khansa sitifika 10 pa 100. Ukapitanso ku sikelo uwakumbutse akujambulenso. Ndipo abambo akewo uwauze lero.

Mtsikana wa ku Lifuwu: Zikomo amayi, mtima wakhala pansi.

Adokotala a Kwathu: Chenjezo limodzi kwa iwe wa ku Lifuwu ndi kwa mng'ono wa amake mapasa. Kudikira sikutanthauza kupirira chilichonse. Ululu ukabwera mwadzidzidzi, woopsa, mbali imodzi, ndi kusanza, kapena chizungulire ndi kukomoka, umenewo ndi ulendo wa kuchipatala cha boma nthawi yomweyo, kaya ndi 2 koloko usiku. Chotupa chimatha kupotokola thumba magazi n'kusiya kufika, kapena kuphulika n'kumataya magazi mkati. Si khansa, koma ukachedwa thumba limafa.

Amake Mapasa: Ndamuwerengera zonse. Wafunsa kuti bwanji osangomuyeza magazi a khansa tidziwiretu? Mnzake wamuuza kuti ku Lilongwe amayeza.

Adokotala a Kwathu: Akunena CA-125. Kwa iyeyo ndalama imeneyo agulire ndiwo. Muyezo umenewu malire ake ndi 35, koma umakwera ndi zinthu zambirimbiri zosakhala khansa: kusamba kumene, mimba, ma fibroid, matenda a m'machubu, endometriosis, nthenda imene minofu yonga ya mkati mwa chiberekero imamera kunja kwake. Mwa mtsikana wa chotupa chamadzi okhaokha umangobweretsa mantha. Ndipo pa khansa yoyamba kumene, pafupifupi theka la odwala umatuluka wabwinobwino. Umathandiza kwa mayi wosiya kusamba, tikauphatikiza ndi zimene sikani yaonetsa. Pali kawerengedwe kena kotchedwa RMI, aphunzitsi mukakonda: timachulukitsa CA-125 ndi mapointi a sikani ndi mapointi a msinkhu. Amene akusamba amapatsidwa 1, wosiya kusamba 3. Zikapitirira 200 timati ameneyu apite kwa akatswiri. Mukuona, ngakhale mu samu imeneyi zaka zimachulukitsa katatu.

Aphunzitsi a Masamu: Nanga mapointi a sikani amachokera pati?

Adokotala a Kwathu: Timayang'ana ngati chotupa chili ndi zipinda zambiri mkati, ngati chili ndi mnofu wolimba, ngati chili mbali zonse ziwiri, ngati m'mimba muli madzi, ndi ngati pali zizindikiro zoti chafalikira. Cha mng'ono wa amake mapasa, monga anenera, chilibe ngakhale chimodzi. Ndipo agogo asaope mopitirira: ngakhale mwa wosiya kusamba, kachotupa kakang'ono kamadzi okhaokha ka chipinda chimodzi kamakhala khansa kosafika kamodzi pa 100. Kusiyana kwake n'kwakuti kwa gogo sitingonena kuti kaphwa, timayeza magazi n'kumakalondola.

Mzamba Wopuma: Ndionjezere za kuno kwathu zimene mabuku a azungu sanena kwambiri. Ndikugwira ntchito tinali ndi mayi wa zaka za m'ma 30, woonda, mimba yodzaza madzi, chotupa m'chinena. Tonse tinati yatha. Achibale anayamba kukambirana za ana. Atatenga kachidutswa kukayeza ku labu, inali TB ya m'mimba. Anamwa mankhwala a TB miyezi 6, ndinadzakumana naye pa msika akugulitsa mpunga, wonenepa ndinachita kumufunsa dzina. TB ya m'mimba imatsanzira khansa imeneyi mpaka CA-125 yemweyo amakwera. Chinanso ndi mafinya a m'machubu obwera ndi matenda opatsirana pogonana, nawonso pa sikani ndi chotupa. Ndipo ife ochapa ndi kusamba m'nyanja tisaiwale likodzo. Si la ana asukulu okha okodza magazi, mazira ake amakakhala pa khomo la chiberekero, m'machubu, nthawi zina pa thumba la mazira pomwe. Mukamalongosola kuchipatala muzinena kuti mumakhala kunyanja.

Adokotala a Kwathu: Ndi zoona amayi. N'chifukwa chake dzina lenileni la chotupa limatuluka ku labu, chikachotsedwa n'kuyezedwa. Mukachitidwa opaleshoni musangosangalala kuti chachoka, muzibwerera kukafunsa zotsatira. Mapepala ambiri amagona m'mafayilo eni ake osabwera.

NaPhiri wa ku Chipoka: Koma adokotala, zolerazi si zimene zachulukitsa zotupa? Amayi athu kale analibe zimenezi.

Mzamba Wopuma: Amayi athu analibe sikani, NaPhiri. Ankangoti anatupa mimba n'kumwalira, mlandu n'kugwera azakhali.

Adokotala a Kwathu: Kkkk amayi Mzamba. Pa khansa ya thumba la mazira, mapilitsi olera amachepetsa, sachulukitsa. Womwa zaka zambiri chiopsezo chake chimatsika kufika pafupifupi theka, ndipo chitetezocho chimakhalabe zaka zambiri atasiya. Kubereka, kuyamwitsa ndi kutseketsa machubu nazonso zimachepetsa. Pamene pali kachoonadi m'mawu anu ndi pa zapamkono zija, Jadelle ndi Implanon. Zimenezo nthawi zina zimachititsa timatumba tamadzi kufufuma, koma ndi tomwe tija tophwa tokha.

Nachisale wa ku Dwangwa: Funso langa ndi ili, ndakhala nalo zaka zitatu. Ine ndili ndi zaka 41, ndili ndi ana aakazi awiri. Za mayi anga zija zidzandipeza? Ndizijambulitsa chaka chilichonse?

Adokotala a Kwathu: Mayi wamba mwayi wodzadwala khansa imeneyi pa moyo wake wonse ndi pakati pa 1 ndi 2 pa 100. Mayi ako akadwala umakwerako, koma ambiri mwa ana a odwala sadwala. Yoyenda m'magazi a banja ndi pafupifupi imodzi mwa zisanu. Timaikayikira ngati pamtundu pali angapo, mayi, azakhali, achemwali, odwala ya thumba la mazira kapena ya bere, makamaka ali achichepere. Kumeneko kumakhala chilema cha chibadwa chotchedwa BRCA. Wokhala ndi mtundu wake wotchedwa BRCA1 chiopsezo chake chimafika cha m'ma 40 pa 100, n'chifukwa chake Angelina Jolie, wa mafilimu uja, anachotsetsa matumba ake a mazira mu 2015 asanadwale. Ndiye khalani pansi ndi akuluakulu a kwanu, mbali ya mayi ndi ya bambo yomwe, mufunse amene anamwalira ndi bere kapena kutupa mimba. Za kujambulitsa chaka ndi chaka, ku Britain anayesa pa amayi oposa 200,000 kwa zaka zambiri, ena sikani, ena magazi. Zotsatira zinatuluka mu 2021: imfa sizinachepe. Ndiye sindingakuuzeni kuti muzitaya ndalama chaka chilichonse muli bwinobwino. Inu zizindikiro mukuzidziwa kuposa tonse pano. Zikabwera, musalole miyezi 7.

Nachisale wa ku Dwangwa: Azakhali a mayi anga anadulidwa bere, ndikukumbuka ndili mwana. Ndikafunsa bwino kumudzi pa Khirisimasi.

PATATHA MILUNGU 10

Amake Mapasa: Abale ndabwera ndi nkhani ziwiri. Yoyamba, mng'ono wanga wajambulidwanso Lachinayi. Palibe kanthu! Wojambulayo anafufuza mbali zonse mpaka anafunsa kuti chinali kumanzere kapena kumanja. Mwana wavina pa khonde la chipatala anthu n'kumamuyang'ana.

NaPhiri wa ku Chipoka: Alululu! Ambuye alemekezeke

Aphunzitsi a Masamu: Anali usipa basi kkkk

Amake Mapasa: Yachiwiri ndi yolemera. Kuchokera tsiku lija Nachisale analemba za chitenje, ine maso anali pa apongozi anga. Ali ndi zaka 59, timakhala nawo. Kuyambira nthawi yokolola amangoti mimba yandidzadza, nsima amangoitsina, magi sachoka m'kachikwama kawo. Ndinkaziona koma ndinkati ndi ukalamba. Kuwauza kuti tiyeni kuchipatala anakana, amati ine si wodwala. Ndiye Lachinayilo ndinawanyengerera kuti atiperekeze, tili konko ndinawapempha adokotala kuti awagwireko pamimba. Anawajambula. Akuti kumanja kuli chotupa cha masentimita 9, chili ndi zipinda ndi mbali ina yolimba. Madzi m'mimba akuti mulibe. Atilembera kalata ya ku Kamuzu Central, tikuyenera kukafika Lolemba. Amuna anga angokhala duu kuyambira dzulo.

Nachisale wa ku Dwangwa: Asisi ndikunjenjemera. Pitani, musaphonye tsikulo ngakhale kugwe mvula yamatalala.

Adokotala a Kwathu: Mwachita bwino mayi. Chimenecho n'choyenera kuchotsedwa ndi kuyezedwa, za kudikira apa palibe. Koma musawalire apongozi lero, dzina la chotupacho silinadziwike. Kumbukirani manambala a aphunzitsi aja, ngakhale pa msinkhu wawo zoposa theka sizikhala khansa, ndipo kusapezeka kwa madzi ndi nkhani yabwinoko. Mutenge kalatayo, pepala la sikani, ndi mabuku awo onse a kuchipatala ngakhale akale ong'ambika. Ngati amamwa mankhwala a BP kapena a shuga, mutenge ndi mapaketi ake.

Amake Mapasa: Nanga gadiyani atenge chiyani? Sindinagonepo ku Central.

Nachisale wa ku Dwangwa: Zitenje zosachepera zinayi, bulangete chifukwa ku Lilongwe usiku kumazizira si ngati kuno, ndowa, beseni, kapu ndi mbale, ufa, kapoto, sopo, tochi, chaja. Ndalama muzimangirira m'chiuno. Mukwere minibasi yoyamba pa Kamuzu Road kusanache kuti mukapeze mzere usanatalike. Musadalire kuti akawagoneka tsiku lomwelo, mwina akayamba ndi kuyeza magazi n'kukupatsani tsiku lina, ndiye mukhale ndi kogona.

Malume a ku Benga: Mwana wa mlongo wanga amakhala ku Kawale, anatisunga nthawi ya mdzukulu ija. Ndimuimbira madzulo ano, ndikuuzani ku inbox.

Amake Mapasa: Zikomo malume. Mayi athu atumiza uthenga kuti mbuzi zija zilipobe, imodzi yaswa. Akuti agulitse ziwiri zithandize thiransipoti ya asewere awo.

Mzamba Wopuma: Agulitse imodzi kaye, inayo idikire tsiku la opaleshoni. Ndipo apongoziwo muwauze zoona za kumene mukupita, musawanamizenso kuti akukuperekezani.